Mamba a Tadala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga ogulitsa matemba ku Kachulu. Anamva kuti kachipatala kena kakufuna wothandiza kutsuka mabala, basi n'kunditchula osandifunsa n'komwe. Ine ndinali wolota masana. Ndinkayang'ana mabwato pazenera mpaka madzi a m'beseni kuzizira, Sisita Naliwa, namwino wathu, n'kundidzidzimutsa: "Agnesi, thonje!"

Zida zathu zinali magolovesi, thonje, bandeji, sizasi, madzi a mchere ndi chitini cha vaselini.

Tsiku lina kunabwera Esinati wa pachilumba cha Chisi ndi khanda lake Tadala. Khungu la mwanayo linali louma, long'aluka, la mamba ngati a nsomba. Kuchimuna anali atagamula kale kuti ndi mwana wa m'nyanja, ndipo Esinati ankamubisa m'mashawelo.

Tikumusambitsa, Sisita anandifotokozera kuti maselo a khungu amabadwira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, akuphwatalala, akuuma. M'njiramo muli tinthu tating'onoting'ono totchedwa maenzayimu: tina timalumikiza maselowo kuti madzi a m'thupi asathawe, tina timamasula akale kuti ayoyoke osaoneka. "Mwa Tadala kamodzi sikagwira ntchito. Si nyanja ayi, ndi chibadwa." Kuyambira pamenepo ndikayang'ana dzanja langa ndinkaona tiasodzi tikusoka ukonde pansi pa khungu, mwakachetechete, osapuma.

Ndinaphunzira kumuviika m'madzi ofunda, kumupukuta mosakhula, kumupaka vaselini khungu lisanaume, osasenda mamba ngakhale zala zikuyabwa.

Tsiku lovuta linadza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tadala anafika wolefuka, osalira, osayamwa, thupi lili moto. Mamba aja amatsekereza thukuta, ndiye pamwamba pake panali mashawelo ndi chipewa chaulusi, poti m'boti anthu amacheuka. Sisita anali pakati pobereketsa mayi wina. Anangofuula: "Muvuleni zonse! Nsalu yonyowa, mumukupize!"

Kamphepo kanali pakhonde pokha, pomwe panadzaza odwala. Esinati anagwiritsitsa shawelo.

"Achemwali, anthu amuona."

Mtima unandiwira. "Amuone ali moyo, mayi!"

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anamasula yekha. Ndinayala nsalu yonyowa pathupi la mwana, ndili ndi mantha osaneneka. Msodzi wina wa bala kuphazi anasendera pafupi, n'kuvula chipewa chake chamlaza, n'kuyamba kukupiza. "Musalire, alongo," anauza Esinati. Mayi wina anabweretsa madzi ena.

Patapita nthawi Tadala anatakataka, n'kulira kulira kwaukali. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Anayamwa.

Madzulo anabwerera kudoko ali m'chitenje chimodzi chopyapyala, timikono tili pamtunda, tikunyezimira vaselini.

Kulota masana sindinasiye. Koma mpaka lero, ndikaona khanda lokutidwa m'nyengo yotentha, ndimayamba ndafunsa amayi ake kuti akuopa ndani.