Mkazi Wachitsulo wa Amalume

Pansi pa mtengo wa masawu, kuseri kwa nyumba yathu ku Makhanga, pankaima mkazi wachitsulo. Ankandilekeza m'mapewa, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Miyendo yake inali mipope ya mfuti, chitenje chake makoko a zipolopolo olukidwa ndi waya, ndipo mutu unali chibenthu cha bomba chopindika ngati chipande. Dzuwa la Okutobala likamuwomba sankakhudzika. Ndinapsapo chala kawiri konse, poti ndinali mwana wosamva.

Anamupanga ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali osula zitsulo, ndipo anakwatira kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anabwerera kwathu okha, atanyamula nyundo ndi mvukuto basi. Akazi awo anali kumunda wa mapira pamene mfuti zinayamba kulira, ndipo mtembo sunapezeke. Achibale anati tiike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira munthu akapita ndi madzi kapena ng'ona, kuti maliro athe. Amalume anakana m'Chisena chawo cha kutsidya: "Nkhabe. Mkazi wanga si nthochi."

Kuyambira pamenepo ankapalasa bwato kuwoloka, anthu akuwaletsa, n'kukatola zitsulo m'munda womwewo. Ankabwera nazo m'thumba, zikununkha dzimbiri ndi utsi, n'kukhala pansi pa masawu kugogoda tsiku lonse. Maliro sanalire, ndipo sanalole wina aliyense kulira.

Chaka chimenecho mvula inatinamiza. Mapira anapserera ali m'mawondo, ife n'kuyamba kudya nyika, timizu towawa ta m'madambo, timene amayi ankakazula madzi akuwalekeza m'chiuno. Mlongo wanga wamng'ono anatupa mapazi. "Achimwene, chitsulo chonsechi osasula makasu bwanji, tisinthanitse ndi chimanga?" amayi ankatero. Amalume ankangopitiriza kugogoda. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinkadana nawo.

Tsiku lina amalume ali kutsidya, aphunzitsi a kusukulu kwathu anabwera ndi alendo atatu a mumzinda pa galimoto yoyera. Anamuzungulira mkazi uja, kumujambula, kugwedeza mitu. "Akuti chinthuchi chikuphunzitsa mtendere," aphunzitsi anamasulira, akumwetulira ngati anachisula ndi iwo. Palibe anafunsa kuti zitsulozo zinatoledwa m'munda wa yani. Alendowo anatsitsa matumba awiri a chimanga, kuti asinthanitse ndi mkazi wachitsuloyo. Amayi anayang'ana mapazi a mlongo wanga, kenako anavomera ndi mutu.

Anamukulunga m'bulangete latsopano n'kumugoneka bwinobwino pampando wakumbuyo. Othawa nkhondo amoyo ankakwezedwa pa malole ataimirira, padzuwa, koma chitsulo chinapita chitafunda. Ndikumva kuti zinthu zotere amaziika m'nyumba zozizira za m'mizinda ikuluikulu, anthu okhuta n'kumaziyang'ana manja ali kumbuyo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo mtima umandiwawa. Amayi sindiwaimba mlandu. Ndimaimba mlandu anthu amene anaona njala yathu n'kudziwa kuti mtengo watsika.

Amalume anafika mawa lake masana, atagwira kachitsulo kamene ankafuna kumalizira dzanja lamanzere. Anaima pansi pa masawu, kuyang'ana timaenje tiwiri pamene panali miyendo.

"Ana akanafa, achimwene," amayi anatero.

Amalume anaika kachitsulo kaja pansi, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lezala. Anakhala pa dothi lotentha n'kuyamba kumeta mutu wawo, wouma, popanda madzi kapena sopo, mpaka magazi kuchucha kuseri kwa khutu. Amayi atawona zimenezo anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuyamba kulira mokweza, kulira kuja kumene kumaitana mudzi. Azimayi oyandikana nafe anabwera mmodzimmodzi, n'kukhala pansi osafunsa kanthu.

Ine sindinkadziwa kuti munthu amameta maliro akatha. Ndinkaganiza kuti amalume agwidwa nsabwe, ndipo ndinaseka mpala wawowo. Mimba yanga inali yodzaza koyamba m'masabata ambiri. Nditaona kuti mbale yawo yangokhala, ntchentche zikuizungulira, ndinapita kukawagwira paphewa n'kuwafunsa ngati ndingadye gawo lawo.

Anati idya. Ndinadya yonse.