Mjamaika Amene Anandineneza kwa Mkazi Wanga

Chizindikiro choyamba ndinachilandira ndi manja awiri. Lolemba lina m'mawa, chaka chachiwiri cha mliri wa korona, ndinakwera basi ya kampani kuchoka ku Sonapur, kumene timagona ife obwera kudzagwira ntchito m'dziko la eni lino, kupita ku Jebel Ali, kumene ndimagwira ntchito ya ulonda, ndipo sindinamve fungo la nsapato za anzanga. Ndinaganiza kuti anthu ayamba kuchapa masokosi. Lachitatu kunabwera chifuwa chouma, kutentha thupi ndi kuphwanya kwa mafupa. Ndinadzifunditsa bulangete pa ndowa ya madzi otentha a mandimu ndi adyo monga timachitira kwathu, koma ndinangotaya thukuta pachabe. Loweruka ndinagwa pageti, ambulansi n'kudzanditenga.

M'chipatala ntchito yaikulu inali kudikira. M'mamawa anamwino, atadzikuta thupi lonse mpaka kungotsala maso, ankatipana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya, kenako mapiritsi, kenako kutigoneka chafufumimba. Pa bedi loyandikana ndi langa panali a Desmond, bambo wachikulire wa ku Jamaica, makaniko pa galaja ina ku Ras Al Khor. Anakhala kunja zaka zambiri kuti ana awo aphunzire, ndipo chitsirizira chawo chinali pafupi kumaliza maphunziro a unamwino. Tchalitchi sankajomba, ngakhale atagonekedwa. Lamulungu madzulo ankamanga tayi pamwamba pa chovala cha chipatala chotseguka kumbuyo chija, n'kumatsatira mapemphero a kwawo pafoni, akuyimba besi m'kati mwa masiki a okosijeni. Akadzuka kupita kubafa, kutsogolo anali mkulu wa mpingo, kumbuyo ndisanene.

Tsiku lililonse ankaimbira foni akazi awo, mayi Yvonne, n'kuwauza zonse: mmene atsokomolera, zimene adya, zimene wanena dokotala. Ine ndinkaona ngati kumeneko n'kudandaulitsa munthu pachabe. Kwathu mwamuna amene ali paulendo sadwala pafoni. Amati "tili bwino, kaya inu" ngakhale atamunyamula pa machira. Choncho mkazi wanga Esinta, ku Ntcheu, sankadziwa kanthu. Akaimba pa vidiyo ndinkachotsa timachubu ta m'mphuno, kuvala kapu ya ulonda, kutsamira khoma loyera, n'kunena kuti ndili pa shifiti.

A Desmond anaonerera seweroli masiku angapo. Tsiku lina ndili m'kati mofotokoza kuti ntchito yachuluka, analowetsa mutu wawo pafoni yanga, masiki ali kumaso. Anati m'Chingerezi chawo cholemera chija, "Mayi, amuna anuwa akudwala kwambiri. Apempherereni, mukamaliza muwakalipire."

Esinta anayambira chachiwiricho. Wodi yonse inamva Chichewa cha ku Ntcheu, mpaka Mpakisitani wa bedi la pakona, wosamva ndi liwu limodzi lomwe, anapukusa mutu n'kunena m'Chiarabu kuti, "Khalas, habibi," kutanthauza kuti zako zada, m'bale wanga.

Ndinapsa mtima, ndipo tsiku lonselo a Desmond sindinawalankhule. Koma madzulo omwewo mpweya unayamba kundithawa. Namwino atandifunsa, pakamwa panga panayankha pokha kuti ndili bwino. A Desmond anadina belu, osachotsapo chala mpaka dokotala anafika. Dokotalayo anati ndikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Ananditengera kuchipinda cha odwala kwambiri, kumene ndinakhala kupitirira sabata. Esinta ankatumiza mauthenga tsiku ndi tsiku, ena opemphera, ena okalipa, ndipo onsewo anandilimbitsa mtima.

Nditabwerera kuwodi, pa bedi la a Desmond paja panali munthu wina. Namwino anandiuza motsitsa mawu kuti mapapo a mkulu uja analephera, ndipo anatisiya Lamulungu lapitalo. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nditatuluka, anzawo a kugalaja anandipatsa nambala ya mayi Yvonne. Ndinaimba ndili ndi mantha, osadziwa poyambira kupepesa, koma iwo ndi amene ananditonthoza. Ankandidziwa kale. "Ndinu wa kapu uja," anatero akuseka. Anati amuna awo sanawabisire kanthu, kotero anapeza nthawi yosonkhanitsa ana ndi adzukulu, kuwayimbira nyimbo yawo ya pamtima pafoni, ndi kutsanzikana bwinobwino. Pamenepo ndinaganiza za Esinta, amene akanamva uthenga wa maliro anga kuchokera kwa bwana wa kampani, iye akudziwa kuti dzulo lake ndinali pa shifiti.

Lero ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Ndimapumira m'mwamba pang'ono ndikakwera masitepe, ndipo fungo la m'basi linabwerera lonse. Abale anga amene muli kuno, thupi likasintha pitani kuchipatala msanga, ndowa ya mandimu si dokotala. Kunyumba akafunsa kuti muli bwanji, auzeni mmene mulilidi. Mwina pa bedi loyandikana ndi lanu sipadzakhala a Desmond oti akunenezeni.