Chulu Chimene Chinkafuka Utsi

Anthu akandiona ndikutsimphina kuno ku Nkhorongo amati ndinagwa pa kabaza, ine ndimangowasiya. Koma zimene ndikuuzeni lero n'zoona, wokayika abwere ndidzamuvulire nsapato.

Boma litandisamutsira ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, ndinagula njinga ya magiya, ija ya matayala okhuthala yokwerera mapiri. Loweruka lililonse ndinkalowa nayo m'nkhalango ndekhandekha. Mayi akunyumba ankadandaula kuti bambo wa ana atatu ndikufuna chiyani kutchire, ndiye tsiku limenelo, potopa ndi mafunso, ndinawanamiza kuti ndikukaona mnzanga ku Lupaso. Kabodza kakang'ono komweko kanatsala pang'ono kundiika m'manda, chifukwa panalibe munthu wodziwa kumene ndinalowera.

Munali mu Meyi, mvula itangosiya, udzu ukuyamba kufiira, nkhungu itakuta mapiri. Ndinavala chisoti ndi jekete yobiriwira ya pakaunjika. Nditapalasa maola awiri, netiweki itatha kalekale, ndinayamba kutsetsereka ndi kanjira kena, ndipo patsogolo ndinaona chulu. Ndinati ndichikwere mwaliwiro monga ndinkachitira ndi zinzake. Kautsi kamene kankatuluka m'mbali mwake ndinakayesa nkhungu, nanga tsiku ngati limenelo ndani akanasiyanitsa?

Sichinali chulu ayi. Unali uvuni wa makala, mulu wa mitengo wokwiriridwa ndi dothi, moto ukunyeka mkati. Tayala lakutsogolo linatitimira, dothi linagumuka, mwendo wakumanzere unalowa mpaka m'bondo. Ndinadzikoka chokwawa nsapato ikusungunukira pa phazi, ndipo mpaka lero fungo la pulasitiki yopsa limandichititsa nseru.

Ndinakuwa. Tsidya la kamtsinje ndinaona anthu anayi, mtima n'kukhala pansi kuti ndapulumuka. Koma atangondiona anataya mafosholo n'kuliyatsa liwiro! Ndi pamene ndinazindikira kuti ndi chisoticho ndi jekete yobiriwirayo ankandiyesa wa zankhalango wodzawagwira. Ndikamakuwa kwambiri, iwonso ankathawa kwambiri. Ndinalira ngati mwana, abale, poganiza kuti mayi akunyumba akandifunafuna ku Lupaso ine ndikuwolera kuno.

Dzuwa litapendeka, thupi likunjenjemera ndi chisanu, panatulukira mayi wina wobereka mwana, mmodzi wa anthu othawa aja, amene anabwerera kudzatenga chigubu chake cha madzi. Anaima patali n'kundifunsa m'Chichewa chake cha Chitumbuka ngati anzanga abisala. Ndinavula jekete ija n'kuiponya kutchire, ndikulumbira kuti ndili ndekha. Ataona phazilo anagwira pakamwa, anati pepani chomene, n'kundithira madzi onse a m'chigubumo.

Anaitana amuna amene anathawa nawo aja. Mmodzi anakanitsitsa kuti ndikachira ndikawaulula, koma mayiyo anamufunsa ngati akufuna mtembo wa munthu upezeke pa uvuni wake. Anandimangirira pa njinga yawo yonyamulira makala n'kundikankha mpaka kumsewu. Anaimitsa lole ya matabwa n'kundikweza pamodzi ndi njinga yanga, ndipo ndisananene n'komwe yewo kuwathokoza, anali atabwerera m'tchire.

Kuchipatala anandidula zala zitatu zakuphazi. Mayi akunyumba sanandikalipire, anangondifunsa chapansipansi ngati Lupaso anasamukira kunkhalango. Funso limenelo limandiwawabe kuposa chilonda.

Njinga ija ili pakhonde, ikuchita dzimbiri. M'mawa ndikamadutsa ku Salisbury Lines ndimayang'anitsitsa nkhope za okankha makala, koma ondipulumutsa aja sindinawapezebe. Kale ndinkawatcha owononga, ndipo mitengo ikuthadi, sindikana. Koma ndimakhulupirira kuti Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa anthu amene anali ndi chifukwa chokwanira chondisiyira pomwepo.

Inu okonda kupalasa nokha m'tchire, nenani zoona kunyumba za kumene mukupita, ndipo zovala zobiriwira muzisiye. Mukaona chulu chili ndi nkhungu yakeyake, tsikani muyambe mwachikhudza ndi dzanja. Ine ndinachikhudza ndi phazi.