Khadi la Amalume la Mtima Wolasidwa

Anzawo pochokera ku Joni ankabwera ndi njinga, ena makina osokera, ena malata a nyumba. Amalume anga anabwera ndi jekete lofiira ndi mpukutu wa makhadi, basi. Sanali makhadi a njuga awa amabisala nawo anyamata kuseri kwa msika ayi. Anali aataliko, a zithunzi: mafumu achizungu, munthu womangidwa chadodolido, nyumba yaitali ikuyaka moto. Ati anawagula kwa mayi wina wa komweko amene ankaombeza nawo, ndipo ati mayiyo anawaphunzitsa tanthauzo la khadi lililonse. Kaya anamvana m'chinenero chanji, poti Chizungu cha amalume chinali cha kumgodi, chongokwanira kutukwana ndi kupempha fodya.

Pa tsiku la msika ankayala chiguduli pansi pa mtengo pa Boma paja, chapatali pang'ono ndi pomwe ine ndinkagulitsa tomato ndi nandolo. Anthu ankapita ndithu, makamaka amene nkhuku zawo zasowa ndi amene amuna awo asiya kudya pakhomo. Ine ndinkangoyang'ana kumbali. Ndinkati munthu wamkulu akafuna kudzichotsa ulemu ndi zake, bola asatipake ife. Sindinkadziwa kuti makhadi omwewo adzalowa m'nyumba ya amayi n'kudya moyo wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nchema. Amalume ndiwo anali nkhoswe ya kwathu, ndipo mwamunayo anachita kumutola okha, mnzawo wa pa mowa. Ukwati unali wa ankhoswe chabe, wosadalitsa ku tchalitchi, moti pa Misa mng'ono wanga ankangotsala pa benchi anzake akupita kukalandira. Mlamu wangayo anamanga kanyumba pakhomo pathu, analima pang'ono, anasiya mwana mmodzi wamwamuna, kenako ati ndikupita ku Halale kukafuna ndalama ya malata ndi ya ukwati wa ku tchalitchi. Anapita ndi bulangete labwino la m'nyumbamo. Mwana anayamba kukwawa, anayenda, anayamba sukulu, bambo wake zii. Obwera kuchokera kumeneko anatiuza mosabisa kuti munthuyo ali ndi mkazi wina ndi ana, ndipo za kuno sazitchula.

Ndiye kunabwera bambo wina wogwira ntchito ya ng'ombe ku Mikolongwe, amene mkazi wake anamwalira. Sanali wokongola, ndisaname. Makutu anali otambalala ndipo ankanunkha mankhwala osambitsira ng'ombe ngakhale Lamulungu. Koma anali munthu wofatsa, ndipo anayenda njira yake: anatuma akulu ake kudzafunsa, nanena kuti akufuna ukwati wa ku tchalitchi, mwanayo amulera ngati wake. Poti ukwati woyamba sunadalitsidwe, khomo linali lotsegula. Chinangotsala n'chimodzi, kuti amalume akwere njinga apite ku Nchema, akakhale pansi ndi ankhoswe akuchimuna, ukwati wakalewo authetse. Kwathu mkazi sangodzimasula yekha. Amene anamanga ndi amene amamasula, ndipo amayi analibe mlongo wina woti tikamudandaulire.

Amalume sankafuna kupita. Kukanena ku Nchema kuti munthu amene anamutamanda okha ndi mtchona wachabechabe kunali kudzitsutsa pamaso pa anthu, ndipo amalume akanalola kumeza khasu kusiyana ndi kuvomera kuti analakwitsa. Tinawaitana kangapo. Tsiku lomwe anabwera, Lamulungu masana, anabwera ndi jekete lawo lofiira lija, nakhala pa mphasa, natulutsa makhadi m'thumba. Ati nkhani yaikulu ngati iyi sitingoyendera mphuma, tiyambe taona kaye.

Apa ndiyenera kunena za amayi. Amayi anali Mkatolika wa kolona m'manja, woti za ula sankafuna n'kumva komwe. Chiyambire amalume ntchito yawo ya pansi pa mtengo, amayi ankazungulira njira ya ku chipatala kuti asawaone. Ndiye makhadi atangotuluka, amayi anadzuka n'kukutumula chitenje, ati zimenezi pakhomo panga ayi. Ine mumtima ndinati zikomo, lero amalume aona polekera. Koma amalume anali atampatsa kale mng'ono wanga kuti asolole limodzi, ndipo iye, munthu wosadziwa kukana, anasolola n'kuliika pa mphasa.

Linali khadi la mtima wofiira, waukulu, wolasidwa ndi malupanga atatu. Kumbuyo kwake kunali mitambo yakuda ndi mvula. Munthu panalibe, mtima wokhawokha uli lende m'malere. Amayi ataliona anaima. Kenako ndinangoona agwada, achita chizindikiro cha mtanda. Ku tchalitchi cha ku mishoni kunali chithunzi cha mtima wa Amayi a Ambuye wolasidwa ndi malupanga, ndipo asisitere ankagawa tizithunzi tating'ono totero kwa amayi a mapemphero. Amayi anga anaona khadi la woombeza wa ku Joni n'kuliyesa chithunzi choyera. Ndinawauza kuti cha ku tchalitchi chija malupanga ake ndi asanu ndi awiri, ichi atatu. Anandiyankha kuti pepalali ndi laling'ono, azungu sakanakwanitsa kuikapo onse.

Amalume, ochenjera ngati aona mowa waulere, sanachedwe. Sanawauze achemwali awo kuti mwalakwitsa. Anangotsokomola n'kuyamba kumasulira, mawu atawatsitsa ngati ansembe. Ati khadi ili ndi la kusweka mtima, la misozi, la kusiyidwa. Lupanga ili ndi ulendo, ili ndi mkazi wa ku Halale, ili ndi zaka za chete. Ati koma taonani mvula kumbuyoku, mvula imatsuka, ndiye kuti pambuyo pa ululu pali kuchira. Mpaka pamenepo mwina ndi zimene anawauzadi mayi wa ku Joni uja. Zotsatirazo ndikulumbira anazipeka pa mphasa pomwepo.

"Lupanga amazula ndi mwini wake amene analasa," anatero amalume. "Wina akalizula, mtima umakha magazi mpaka kufa. Mwamuna wako akubwera, mwana wanga. Udikire."

Ndinati, "Amalume, ine mtima ndimauona tsiku lililonse kwa Achawa ogulitsa nyama pa msika. Mukauona uli panja chonchi, mbuziyo inafa kalekale."

Amayi anandiuza kuti nditseke pakamwa, ndikunyoza zinthu zoyera. Ati Amayi a Ambuye anapirira malupanga awo osathawa, nanga mng'ono wanga ndani kuti athawe ake. Anapempha khadilo, amalume anapereka mwaulemu ndi manja awiri, ndipo linakakhala pa khoma pafupi ndi mtanda ndi kanjedza wouma. Madzulo aliwonse amayi ankagwada pamenepo ndi kolona, kupempherera mkamwini wawo kuti abwerere. Tangoganizani, mayi wa mapemphero kugwadira chida cha ula chimene chinayamba chagona m'thumba limodzi ndi fodya wa amalume. Ndikakumbuka mpaka lero sindidziwa ngati ndiseke kapena nditukwane.

Ndinaopseza kuti khadilo ndilichotsa pa khomapo ndikalionetse kwa abambo ansembe, aone zimene akhristu awo akupembedza. Amene anandigwira dzanja kundiletsa ndi mng'ono wanga yemwe. Tinali kumunda tikuthyola nandolo. Ndinamufunsa ngati bambo wa ng'ombe uja akumufuna, ndipo anati inde, akumufuna kwambiri, moti akamva belu la njinga pamsewu mtima umadumpha. Koma anati ndikawachititsa amayi manyazi ku mishoni, ine ndibwerera kunyumba kwanga, wotsala nawo pakhomo ndi iye. Za kupita kukhoti anakana n'komwe, ati angaime bwanji pagulu kutsutsa amayi ake ndi amalume ake. Ndinamukwiyira, ndipo ndinamumvera chisoni. Anali mwana woleredwa bwino kwambiri, ndipo kuleredwa bwinoko ndi kumene kunamupweteka.

Bambo wa ng'ombe anadikira, munthu wa Mulungu. Ankabwera ndi botolo la mkaka la mwana, kukhala pa khonde, kucheza ndi amayi za mvula, n'kubwerera. Akulu ake anapita kwa amalume kangapo, amalume n'kumangoti zinthu zili m'manja mwa Mwini wake. Tinakolola, tinalimanso, tinakololanso. Kenako mkaka unasiya kubwera. Mng'ono wanga anakamvera ku chigayo kuti bamboyo wakwatira mayi wina wa kwawo komweko, ukwati wa ku tchalitchi. Anabwera ndi ufa wake pamutu, n'kuuyanika pa mphasa. Ine ndi amene ndinalira, ndipo tsiku la msika lotsatira ndinakaima pa chiguduli cha amalume n'kuwauza zonse zimene zinali kukhosi kwanga, anthu akumva. Anangouza makasitomala awo kuti mwana uyu anabadwa wolongolola.

Zaka zinapita zambiri. Mwana uja anakula n'kupita ku Limbe kukafuna ntchito. Ndiye tsiku lina tinangoona anthu a ku Nchema akukankha njinga, pa kaliyala pali munthu womangidwa ndi chitenje kuti asagwe. Anali mlamu wanga. Anali atatha ngati chiphesi, akutsokomola chifuwa cha kumgodi. Mkazi wa ku Halale ataona kuti ntchito yatha ndipo munthu sadzukanso, anamukweza basi. Abale ake anamusunga masiku owerengeka, fungo ndi kutsokomola zitawakwana anakumbukira mwadzidzidzi kuti paja munthuyu ali ndi mkazi, ndipo ukwati sunathe. Ananena zoona, sunathe. Anamutsitsa pa khonde, anamwa madzi, n'kubwerera ndi njinga yawo.

Amayi, atakalamba kale, anayesa kululutira ndi mawu awo onjenjemera, ati pemphero layankhidwa. Amalume ndiye musanene. Anayenda msika wonse chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense kuti makhadi awo sanama, anati abwera ndipo wabwera. Makasitomala anachuluka pansi pa mtengo paja moti anagula mpando. Palibe anafunsa kuti wabwera ali bwanji, kapena wabwera kudzatani.

Kuchira kumene analonjeza amalume ine ndinakuona ndi maso angawa. Kunali mng'ono wanga kuchapa zofunda za magazi m'mawa uliwonse, kum'tembenuza munthu, kum'nyamula kupita naye kuseri. Kunali kugona pansi pa bedi ku chipatala cha mishoni miyezi yathunthu, nandolo wake akuuma m'munda. Mlamu wangayo sanapepese ngakhale kamodzi. Ankadandaula kuti phala lachepa shuga, ati ku Halale sankadya chonchi, ndipo malungo akakwera ankamuitana mng'ono wanga ndi dzina la mkazi winayo. Iye ankangoyankha kuti wawa. Ndinamufunsa kuti bwanji osangom'bweza kwa abale ake, anati nanga munthu wodwala angam'taye pamsewu, ndi bambo wa mwana wake. Anamwalira nyengo yozizira, mutu uli pa miyendo ya mkazi amene anamusiya ali mtsikana.

Maliro atatha, linafika tsiku lometa ndi kusudzula, pamene abale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye. Ankhoswe a ku Nchema anabwera, amalume anakhala nawo pa mphasa, mbali iyi ndi mbali iyo, monga mmene tinkawapemphera zaka zonse zija. Nkhani yake sinatenge nthawi yoti n'kuwiritsa madzi. Mng'ono wanga anali atangometedwa kumene, ndipo tsitsi lomwe linagwa pansi linali ndi imvi zambiri kuposa lakuda. Mkulu wa ku Nchema anamuthokoza chifukwa chosamala m'bale wawo, kenako ananena mawu a mwambo aja, kuti kuyambira lero iwo alibe naye mlandu, ndi womasuka, akapeza mwamuna akwatiwe. Amalume anavomereza ndi mutu n'kuwomba m'manja, ati zayenda bwino.

Mng'ono wanga anawomba m'manja nayenso, mwaulemu, atagwada. Ndiye anakweza maso n'kuwayang'ana amalume, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

"Zikomo, amalume, mwandimasula," anatero. "Nanga ndipite kwa ndani?"

Amalume anayamba kufunafuna chinachake m'thumba la jekete. Mng'ono wanga anadikira pang'ono, kenako anadzuka atagwira bondo, n'kupita kukatunga madzi oti alendo asambe m'manja.