Njere Imene Inabisala M'tsaya

Ndikakumbukira agogo aamuna a ku Mbungo, m'kamwa mwanga mumadzaza malovu ngati ndaona malambe, ndipo ndimawaona atakhala pansi pa mtengo, khoka lili pamiyendo, utsi wa kaliwo ukuwazungulira, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo.

Chaka china bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi mawu amodzi: ndikalepheranso masamu, sukulu yathera pomwepo, ndizikaviika chinangwa ndi amayi. Ndiye aphunzitsi, ngati anapangana nawo, anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba, kuti tipeze manambala atatu amene ukawachulukitsa amabala 1,001. Wolephera sakwera kalasi. Ndinayesa kugawa ndi 2, ndi 3, ndi 5, koma ayi ndithu, chotsala sichinkasowa. Ndinafika kwa agogo ndikulira.

Agogowo sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma maso a khoka ankawerenga osaphonya. "Iwe Esinati, nambala sailirira, amaiyala pansi," anatero. Anandituma kukaswa malambe, ndipo tinawerengera m'lichero njere chikwi ndi imodzi, n'kuyamba kuziyala pamphasa. M'mizere ya zinayi inatsala imodzi. M'mizere ya zisanu ndi imodzi zinatsala zisanu. Ya zisanu ndi ziwiri inayenda bwinobwino mpaka kumapeto, koma mzere womaliza unaperewera njere imodzi. Imodzi yokha!

"Basi agogo, ine wa kuchinangwa," ndinatero.

Agogo sanayang'ane mphasa, anayang'ana ine. "Nanga tsaya lakolo latupa ndi chiyani? Tayasamula."

Mayo ine, manyazi ake! Njereyo ndinali ndikuimung'unya kuyambira pomwe tinayamba mizere ya zisanu ndi ziwiri, osazindikira n'komwe. Mwana wa ku Likoma ndani angagwire malambe osaponyako m'kamwa? Ndinailavulira m'dzanja, ndinaiika pamalo pake, mzere n'kukwana. Ndinapumira m'mwamba. Mizere inalipo 143, ndipo agogo atatha kuseka ndi kutsokomola, tinaigawanso mpaka inakwana milu khumi ndi umodzi, mulu uliwonse mizere khumi ndi itatu.

M'mawa mwake ndinalemba pa sileti 7, 11 ndi 13. Ndinakwera kalasi, ndipo bambo za chinangwa sanatchulenso.

Ndakalamba ndikuphunzitsa masamu ana a eni ake. Koma mpaka lero samu ikandikana, sindithamangira kulira. Ndimayamba ndayendetsa lilime m'tsaya.