Tsiku Limene Ana Anayankha Pamodzi

Ndagulitsa waakye, mpunga wophika pamodzi ndi nyemba, pachipata cha sukulu ina ya mkaka m'tauni ya Ho kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo aphunzitsi ndawaona amitundumitundu. Ambiri ntchito yawo n'kukuwa, ana n'kumabwereza ngati zinkhwe. Mayi Sefakor okha ndiwo anali ena.

Iwo sankafunsa kuti ichi n'chiyani. Ankatulutsa ana pabwalo dzuwa lili paliwombo, n'kunena kuti, "Mmawa mthunzi wanu unali wautali. Wapita kuti?" Akatero ankangodikira. Ine ndemwe ndinkaiwala chipande m'manja, n'kumaganiza nawo. Mwana wina ankati dzuwa laudya. Kamtsikana kena, Dela, kamene kanatha miyezi iwiri kosatsegula pakamwa, tsiku lina kanati, "Wabisala kunsi kwa mapazi anga, ukuopa kupsa." Mayi Sefakor sanati zoona, sanati bodza. Anangoti, "Tingadziwe bwanji, Dela?" Kamwanako kanayamba kutukula phazi kuti kasuzumire.

Mawusi anabwera pasukulupo chifukwa cha iwo. Anali mnzawo wa kukwaya, wosowa ntchito, ndipo anakamuchonderera kwa mwini sukulu, Bambo Amenyo, kuti amulembe ntchito ya uphunzitsi. Ankadyera mbale imodzi pabenchi langa. Ngakhale kope lomwe ankalembamo mafunso awo ankamubwereka.

Bambo Amenyo njirayi sankaikonda. Ankati makolo amafuna mwana wobwera ndi zoloweza, osati wofunsa agogo ake kuti chifukwa chiyani. Anagamula kuti pa tsiku la makolo Mayi Sefakor aonetse zipatso zake, apo ayi alandidwa kalasi. Sabata yomweyo malungo anawagwetsa Mayi Sefakor masiku atatu.

"Daavi, gonani," anatero Mawusi, powatchula mwaulemu ngati mkulu wake. "Ana anuwo ndi anga omwe. Nkhawa ya chiyani?"

Tsiku la makolo litafika, ndinasiya mphika n'kukaima pazenera. Mayi Sefakor, akadali ofooka, anafunsa chifukwa chake mthunzi uja umasowa masana. Asanatseke n'komwe pakamwa, ana makumi atatu anakuwa mawu amodzi: "Chifukwa dzuwa limakhala pamwamba pa mutu!" Makolo anawomba m'manja. Anafunsa funso lina, zinali chimodzimodzi. Lachitatunso. Mafunso onse a m'kope muja Mawusi anali atawalembera mayankho, n'kuwalowezetsa ana ndi kandodo m'manja.

Bambo Amenyo anaimirira mano onse pamtunda, nati zimene ena alephera zaka zonsezi, Mawusi wazichita masiku atatu. Kalasi anaipereka kwa iye pompo.

"Ndimakuthandizanitu, Daavi," Mawusi ananong'ona. "Ana anu aja akanakuchititsani manyazi ndi zopusa zawo zija."

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero akabwera kudzagula ndimamupatsa waakye wopanda dzira. Koma Mayi Sefakor za kalasi sanazilire n'komwe. Anapita pomwe panakhala Dela, n'kugwada kuti alingane naye.

"Dela, nanga iweyo ukuganiza kuti mthunzi umapita kuti?"

Mwanayo anayang'ana kwa Mawusi, kenako pansi. Anabisa timanja take kumbuyo.

"Madamu, yankho lolondola ndaiwala. Musandimenye."

Mayi Sefakor anadutsa pachipata panga osandiona, ndipo kope lawo sanabwererenso kudzalitenga.