Galimoto ya Mipando Yofiira

Fungo la dzimbiri likandikakamira m'manja, makamaka m'mawa wa nyengo yachisanu, mtima umabwerera ku Ntengo-Wambalame, chaka chotsatira chimene tinabwerako ku Malawi kumene tinathawira, nkhondo itatha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kumudzi kwathu komwe ndinali mlendo, pakuti ndinachokako ndili kumsana. Pamene panali nyumba yathu tinapezapo chulu ndi tsekera wotalika kuposa amayi, ndiye tinamanga kanyumba kena kaudzu pambali pake. Nkhungu inkatsika m'mapiri n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Miyendo yathu inkachita mbuu ngati tagubuduka paphulusa, ndipo pabwalo ponse pankanunkha dothi la mbatatesi zongokumba kumene.

Ababa anabwera kumudzi ndi thupi lokha. Ku Malawi ankaseka, ankaimbanso kutchalitchi. Kuno ankadzuka, kunyamula khasu, kubwerako, kudya, basi. Mng'ono wawo amene anatsala nthawi ya nkhondo sanapezeke, ndipo panalibe wodziwa ngakhale manda ake. Amayi ankatiuza ine ndi mchemwali wanga Lusiya kuti tisawasokose. Koma ine ndinabadwa wapakamwa, matenda amene mpaka lero sindinachire, ndipo kukhala duu kwawoko kunkandiwawa kuposa chisanu.

M'mbali mwa msewu wafumbi wopita kumsika munali chigoba cha galimoto yakale, chopsa, chopanda matayala. Chinali ndi mphuno yaitali, msana wobulungira ngati wa kamba, ndi mabowo awiri pamene panali nyali. Mkati munamera chisoso ndipo nkhuku za eni zinkaikiramo mazira. Tsiku lina tikudutsa titasenza mbatatesi, ababa anaima n'kugwira chitseko chake.

"Inali yobiriwira iyi," anatero. "Ya mwini loja, sitolo ija. Ndinkaitsuka ndili ngati iweyo."

Mawu amenewo anaposa onse amene ndinawamva kwa iwo mwezi wathunthu. Pompo ndinatsimikiza kuti ndikaipanga galimotoyi ndi mawaya, ababa adzayambanso kulankhula.

Sindinafune galimoto wamba ngati za anzanga, zongopinda kanayi n'kumangirira zitini. Ndinkafuna yomweyo. Ndinkapita pachigobapo kukachiyeza ndi mapazi, ndipo phazi limodzi pamenepo linkakhala chala chimodzi chopingasa pa yanga. Kusikola masamu ankandithawa, koma apa ndinali katswiri wosafunsa munthu. Ku Malawi ndinabwerako ndi kagalimoto kapulasitiki kothyoka, kamene ndinatola padzala. Ndinakaphwasula n'kutengako matayala atatu ndi kachitsulo konyezimira kakutsogolo. Tayala lachinayi ndinadula papatapata yakale ya Lusiya, amene anandilonjeza kuti adzandidula khutu pobwezera. Mphuno ndinaikuta ndi chitini cha mafuta ophikira, nyali zinali zitsekerero za mabotolo. Pofuna mtundu wobiriwira ndinasinja masamba a nyemba n'kupaka. Anauma n'kuyoyoka tsiku lomwelo, manja anga okha ndi amene anakhala obiriwira mpaka Lamlungu.

Nzeru yanga inayamba kugwira. Ababa akabwera kumunda ankakhala pachitsa pafupi nane, poyamba ngati akungoothera dzuwa. Kenako anandibwereka alikati yawo, kachida kachitsulo kopindira ndi kudulira waya, kamene sankalola aliyense kukagwira. "Mphunoyo yafupika," ankatero. "Tayala lapadera linkakhala kumbuyo, panja." Tsiku lina ndinawafunsa kuti hutala yake inkalira bwanji. Anatupitsa masaya n'kulira ngati tsekwe wodwala chimfine, kenako anaseka. Amayi anasiya kupeta nyemba n'kutiyang'ana, lichero lili m'manja.

Apa m'pamene waya unandithera. Wa pansi ndinaupeza pachigwiriro cha ndowa yobooka ndi pamsampha wakale, koma panatsala denga, zitseko ndi chiwongolero chachitali choyendetsera. M'mudzi wongomangidwa kumene waya unali chuma, aliyense ankamangira wake khasu kapena chitseko. Masiku anayi galimoto inangokhala, ababa nawonso anasiya kubwera pachitsa.

Malo amodzi okha ndi amene anali ndi waya wambiri. Kumunsi kwa mudzi, kufupi ndi dambo, kunali kathengo kamene asilikali ankagonako nthawi ya nkhondo. Anthu ankati muli mina, mabomba okwiriridwa pansi. Amuna amene anayamba kubwerera kumudzi anazunguliza waya pamitengo ya masuku ndi pazikhomo, n'kumangirira tinsalu tofiira apa ndi apo. Njira ya kuchitsime inkadutsa cha pomwepo. Tsiku ndi tsiku ankatiuza kuti tisadutse waya. Ine, loya wamkulu wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinaona kuti anatiletsa kudutsa, koma palibe anatiletsa kutenga.

Ndinapita masana anthu ali kuminda. Ndinamasula waya wonse wa pakati pa misuku iwiri, ndipo zikhomo zapakati ndinazula n'kuziponya kumbali kuti zisandichedwetse. Pena waya unakodwa m'udzu, ndiye ndinalowa mapazi angapo kukaukoka. Kansalu kofiira nakonso ndinaika m'thumba, chifukwa mipando inali isanakutidwe.

Masiku awiri ndinagwira ntchito kuseri kwa nkhokwe. Denga linabulungira bwino lomwe. Zitseko zinkatseguka ndi kutseka. Mipando ndinasema ndi phesi la chimanga n'kuikuta ndi nsalu ija, ndipo ndinaisoka ndi ulusi wa thumba. Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinaiyendetsa pabwalo, chifuwa chili patsogolo, mpaka pamapazi a ababa. Anainyamula ndi manja awiri. Anaitembenuza, anazunguza tayala, anatsegula chitseko ndi chikhadabo. Ankamwetulira. Kenako anasuzumira mkati.

"Nsalu iyi waitenga kuti?"

Ndinayamba kukanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Sinto, ndikufunsa iwe."

"Kudambo, ababa. Koma sindinadutse, ndangomasula."

"Mayo ine!" anakuwa amayi. "Lusiya wapita kumadzi!"

Anathamanga chitenje chili m'manja, akuitana dzina lake. Anakumana naye panjira ali ndi ndowa pamutu, bwinobwino, akudabwa kuti kwagwanji. Ababa sanasunthe. Anatenga alikati yomwe ija n'kuyamba kumasula denga. Waya uliwonse ankaugoneka pamwala n'kuuwongola ndi mwala wina, pang'onopang'ono, ngati ntchito ina iliyonse. Ndinalira, ndinawagwira mkono. "Siyani ababa, ndikafuna wina ndikabwezeretse!" Sanandiyang'ane. Zitseko zinatha, chiwongolero chinatha. Anasupula nsalu pamipando n'kuiika m'thumba la malaya. Pansi panatsala matayala ndi kachitini.

"Tiye," anatero.

Kudambo anandiimika panjira. Udzu umene ndinaupondaponda unali utadzukanso, ndipo popanda zikhomo panalibe wodziwa bwino pamene malire ankadutsa. Nsonga za waya wotsala zinali lende pamisuku iwiri ija, patali ndithu ndi njira.

"Undilozere paliponse pamene unaponda," anatero. "Usaname. Ngati waiwala, unene kuti waiwala."

Anavula nsapato zawo za matayala n'kuzisiya pafupi ndi ine. Ndinaloza pafupi ndi mwala wosongoka, iwo anaika phazi pamenepo. Ndinaloza pachitsa china, anaika linalo. Pena ndinati ndaiwala. Anaima nthawi yaitali, atawerama, akupatula udzu ndi zala umodzi umodzi. Waya unali utaduka zidutswa zambiri chifukwa cha luso langa, ndiye ankalumikiza chilichonse ndi chinzake ali chiimire pamalo amodzi. Anthu anasonkhana panjira. Amayi anakhala pansi atafumbata pakamwa. Mphepo inkawomba kuchokera kudambo ndipo mano anga ankagundana.

Dzuwa linali litatsamira paphiri pamene anamangirira kansalu kofiira n'kubwerera, chafutambuyo, m'mapazi omwe aja. Malaya awo anali atanyowa kumsana ngati avumbwa, m'chisanu chonsecho. Anavala nsapato. Ndinakonzeka kulandira mbama, koma sinabwere. Anangonditsogoza kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za galimoto yobiriwira. Alikati anaibweza m'chitini chawo, ndipo pachitsa sanakhaleponso. Tikamadutsa pachigoba chija ankayang'ana kutsogolo. Nyengo yachisanu inatha, mphepo ya fumbi inayamba, anzanga ankathamangitsa magalimoto awo mumsewu, ine ndili pambali manja m'khwapa. Sindinapangenso ina. Patapita zaka anabwera anthu a zovala zolemera n'kuchotsa zimene zinali m'kathengomo, ndipo akuti anapezadi zinthu. Sindinafunse kuti anazipeza mbali iti.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti ababa anandiimika panjira paja kuti andichititse manyazi pamaso pa mudzi, ndipo kuti ankachedwa dala kuti chisanu chindilange m'malo mwa ndodo. Ndinawasungira mkwiyo umenewo mpaka ndevu zitamera. Lero ndili wamkulu kuposa mmene iwo analiri tsiku lija, ndipo ana anga akandiuza kuti mpeni ausiya pakutipakuti, ndimayamba ndakayika. Ababa analibe wina woti amufunse. M'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa pamene phazi linaponda osaphulika kanthu, ndipo anali mwana wolira, wokwiya, amene iwo anali atangomuphwasulira galimoto. Paliponse pamene ndinaloza, iwo anapondapo.